Waponya kapena waphonya? Nkhani ya kalembedwe imayambira ku Sitandade 1

Tsegulani gulu lililonse la WhatsApp lomwe anthu amachezamo m'Chichewa, muwerenge mauthenga 10 okha. Mupeza "nkani" m'malo mwa "nkhani", "ngombe" m'malo mwa "ng'ombe", ndipo wina alemba kuti "ndibwera mawa" pomwe akutanthauza kuti abwera m'mawa. Timamvana ndithu, nanga si tikudziwana? Wina akasokonezeka amangoimba foni, nkhani yatha. Pafoni palibe mphunzitsi wa cholembera chofiira.

Koma pakhomo pathu pomwepo pali mwana wa Sitandade 2 kapena 3, mng'ono wanu, mlongo wanu, mwina mwana wa achemwali anu, amene kwa iye kalembedwe si nkhani yoseketsa. Akaphonya kachilembo kamodzi pa lembetso, aphunzitsi amathetha. Akamathethedwa tsiku ndi tsiku amayamba kukhulupirira kuti mutu wake ndi wouma, ndipo mwana amene wakhulupirira zimenezo safika patali ndi sukulu.

Kafukufuku wa MICS amene ofesi ya National Statistical Office inachita mu 2019 ndi 2020 anapeza kuti mwa ana 100 alionse a zaka 7 mpaka 14 m'Malawi muno, pafupifupi 19 okha ndiwo ankatha kuwerenga kankhani kakafupi n'kuyankha mafunso ake. Ambiri mwa otsalawo ali pasukulu ndithu. Yunifolomu amavala, belu likalira amalowa m'kalasi, koma tsamba la buku silikamba nawo kanthu.

Zifukwa zina tonse timazidziwa: njala, makalasi odzaza, mabuku ochepa. Chomwe sitichikamba kawirikawiri ndi momwe timaphunzitsira kalembedwe kenikeniko. Ambirife tinaphunzira ngati kuti mawu alionse ndi mlendo woti umuloweze nkhope payekhapayekha. Chikhalirecho Chichewa chili ndi dongosolo looneka bwino, ndipo mwana akaliona dongosololo amatha kulemba ndi kumva mawu mazanamazana omwe palibe anamulowezetsa.

Chichewa chimalembedwa momwe chimamvekera

Mwayi woyamba wa mwana wophunzira Chichewa ndi zilembo 5 za liwu zija: a, e, i, o, u. Chilichonse chimamveka chimodzimodzi paliponse pomwe chaikidwa. "A" wa mu "amayi" ndi yemweyo wa mu "nsima". Yerekezani ndi Chingerezi, chomwe chili ndi zilembo 26 koma maliwu pafupifupi 44. Kumeneko "a" wa mu cat, wa mu cake ndi wa mu call ndi anthu atatu osiyana ovala malaya amodzi.

Mwayi wachiwiri ndi maphatikizo. Phatikizo la Chichewa limathera ndi chilembo cha liwu: su-ku-lu, nkhu-ku, ma-la-ya. Wosiyana ndi "m" wa mu "mtengo" kapena "mpando", amene amaima payekha. N'chifukwa chake makolo athu omwe anaphunzira ndi buku la Sosa amakumbukirabe kalasi yonse ikufuula ma me mi mo mu. Njira imeneyo sinali yolakwika. Vuto limabwera mwana akaloweza kaimbidwe osaona zilembo. Mulozereni "mo" ali yekha pakati pa tsamba, mumva akuyambira "ma, me, mi" chamumtima kuti akafike pamenepo. Ameneyo akuimba, kuwerenga sanayambe.

Mu 2016 Unduna wa Zamaphunziro, ndi thandizo la USAID, unayambitsa ndondomeko ya National Reading Programme ya ana a Sitandade 1 mpaka 4, m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Maganizo ake ndi omveka: mwana ayambe wamva maliwu, adziwe chilembo cha liwu lililonse, aphatikize, azolowere kuwerenga mosadodoma, achulukitse mawu omwe akuwadziwa, kenako amvetse nkhani. Mphunzitsi amayamba waonetsa, kenako amachitira limodzi ndi ana, pomaliza ana amachita okha.

Maziko amenewa ndi abwino. Koma kuphatikiza "ba" ndi "la" n'chiyambi chabe. Ana ambiri amakanirira pomwe zilembo zaunjikana zitatu kapena zinayi: nkhwangwa, mphwayi, ntchentche, nthochi. Apa ndi pomwe kuloweza kumathera mphamvu, dongosolo n'kuyamba kufunika.

Kachilembo kakang'ono, nkhani yaikulu

Okonda mpira mukudziwa kusiyana kwa "waponya" ndi "waphonya". Wina waponya mpira m'bwalo, wina waphonya penate, masapota ali manja kumutu. Chasiyanitsa ndi "h" yekha. Chimodzimodzi kukoma ndi kukhoma, kukola ndi khola, kupala ndi phala.

Mwana sakuyenera kuloweza kuti h amalowa pati. Akhoza kumumva yekha. Muuzeni aike kapepala patsogolo pa milomo anene "ponya", kenako "phonya". Pa mawu achiwiriwo kapepala kagwedezeka chifukwa pakutuluka kampweya. Kampweya kameneko ndiye h. Phunziro la mphindi 2, lopanda buku, lopanda ndalama, koma mwana saliiwala.

Ndiye pali dongosolo lina lokoma kwambiri. Lembani mawu awa mbali ziwiri: khasu ndi makasu, phiri ndi mapiri, thumba ndi matumba, khutu ndi makutu, thupi ndi matupi, phewa ndi mapewa. Musanene lamulo, mungofunsa kuti, "Ukuonapo chiyani?" Sipatenga nthawi, mwana anena yekha kuti zinthu zikachuluka h akuthawa. Onjezani tsiku ndi masiku, tsamba ndi masamba, dzira ndi mazira, aona kuti t ndi d nawonso amathawa. Lamulo lomwe mwana walitulukira yekha limakhala lake.

Kenako muonetseni mawu omwe samvera lamuloli: phunziro ndi maphunziro, thandizo ndi mathandizo. Amenewa h sathawa chifukwa anachokera ku aneni omwe ali naye kale, phunzira ndi thandiza. Mawu obwereka monga khadi ndi makhadi, khothi ndi makhothi, nawonso amamusunga. Kumubisira mwana zimenezi n'kumupusitsa, adzakumana nazo ndithu. Kumuuza chifukwa chake n'kumupatsa nzeru ina yowonjezera.

Nanga kachizindikiro kam'mwamba kaja, komwe kusukulu timati nkhodolero? Ndi komwe timakataya kwambiri pafoni chifukwa kamafuna kudina kawiri. Koma ng'oma yoimba ndi ina, Ngoma gule wa Angoni ndi wina. Mu "ng'ombe" ndi "ng'ona" nkhodolero ikutiuza kuti liwu likutulukira m'mphuno ndipo g sakumveka payekha. Mu "m'nyumba" ndi "n'zoona" ikugwira ntchito ina, ikusonyeza kuti pali zilembo zomwe zameza: mu nyumba, ndi zoona. Mwana wodziwa ntchito ziwirizi sangoyiponya paliponse ngati mchere.

Chuma chili kumapeto kwa mawu

Tengani mneni mmodzi, "lemba". Musinthe kumapeto kokha: lembera, lembetsa, lembedwa, lembeka, lemberana, lembetsera. Muwonjezenso kutsogolo: mlembi, chilembo, malemba, kalembedwe, kalembera. Muzu ndi umodzi, mawu apitirira 10. Mwana amene waphunzira "lemba" ngati mawu oima okha wapeza mawu amodzi. Amene waonetsedwa banja lonse wapeza mudzi.

M'makalasi akuluakulu zimenezi zimabwera ndi dzina loti msintho wa aneni, ndipo ambirife tinangoloweza mayina a misinthoyo pofuna kukhoza mayeso. Komatu mwana wa zaka 6 amazigwiritsa kale ntchito pakamwa. Amadziwa kunena kuti "andimenya", "ndamenyedwa", "akumenyana", "mundiphikire". Chomwe sanaone ndi momwe zimaonekera papepala. Kudikira Sitandade 6 kapena 7 kuti timuonetse n'kuchedwa.

Funso lomwe limazunguza ana ndi lakuti, "Ndilembe -ira kapena -era? -itsa kapena -etsa? -idwa kapena -edwa?" Yankho lili m'muzu momwemo. Chilembo cha liwu chomaliza cha muzu chikakhala a, i kapena u, mapeto amatenga i: samba, sambira, sambitsa, phika, phikira, phikidwa, gula, gulira, gulitsa. Chikakhala e kapena o, mapeto amatenga e: lemba, lembera, lembetsa, gona, gonera, gonetsa, ona, onera, onedwa. Aneni aafupi monga dya, mwa ndi gwa amatenganso e: dyetsa, mwetsa, gwetsa.

Mukuganiza kuti ndi lamulo la m'mabuku lokha? Dzimvereni nokha. Timati "kutchajitsa foni", palibe amati "kutchajetsa". Timati "ndabulokedwa", palibe amati "ndabulokidwa". Mawu amenewa sali m'buku la Sosa, abwera ndi mafoni dzulodzuloli, koma lilime lathu lawalowetsa m'lamulo lomwelo osafunsa munthu. Ngati pakamwa pamadziwa, dzanja likhoza kuphunzira.

Pomwepa pali yankho la mkangano wakale wa l ndi r. Polankhula Chichewa awiriwa ndi liwu limodzi, ndiye khutu silithandiza. Polemba, r amabwera pambuyo pa i ndi e: mbiri, bwera, phikira, lembera. Pambuyo pa a, o ndi u timalemba l: ndalama, kolola, sukulu. Kumayambiriro kwa mawu ndi l, ndipo l woyamba tsinde sasintha ngakhale kutsogolo kwake kubwere chi- kapena mi-: chilankhulo, milandu, Lilongwe. Mizere itatu yokha, koma imachotsa zolakwa zambiri m'chimangirizo cha mwana.

Palinso mapeto otembenuza tanthauzo: tseka ndi tsekula, mata ndi matula, yala ndi yalula, vundikira ndi vundukula. Ana amasangalala nawo chifukwa akhoza kuwasewera ndi manja, wina akutseka chitseko, mnzake akutsekula.

Izi si zokongoletsa chilankhulo chabe ayi. Mwana wowerenga movutika amakonda kuyang'ana zilembo zoyamba n'kungoganizira zotsalazo. M'Chichewa chizolowezi chimenechi n'choopsa, chifukwa kumapeto ndi komwe kumanena kuti wachita ndani, wachitiridwa ndani. "Wamenya" ndi "wamenyedwa" ndi milandu iwiri yosiyana kwa amfumu. "Ndagula munda" ndi "ndagulitsa munda" pakalata ya mgwirizano ndi kusiyana kwa kupeza ndi kutaya. "Bwereka" ndi "bwereketsa", "kongola" ndi "kongoza", zimanena kuti ngongole ili ndi yani. "Mwana amwa mankhwala" ndi kufotokoza, "mwana amwe mankhwala" ndi kulamula. Munthu amene anazolowera kudumpha mapeto ali Sitandade 3 adzawadumphanso ali ndi zaka 30, pa pepala lomwe akusaina.

Kutchula si kumva

Pali ana ena omwe amawerenga mokweza bwinobwino, osaphonya phatikizo, koma ukawafunsa kuti nkhaniyo ikuti chiyani amangokuyang'ana. Atchula mawu omwe sakuwadziwa tanthauzo. Apa vuto salinso maliwu, ndi kuchepa kwa mawu m'mutu.

Mwana wokulira ku Ndirande kapena ku Area 25 akhoza kuwerenga "nkhokwe", "lichero", "munsi" kapena "chizimalupsa" osaona chithunzi chilichonse m'maganizo. Mnzake wa kumudzi amawadziwa onsewa koma akhoza kudodoma pa mawu ena a m'tauni. Ndiye pali mawu olembedwa mofanana koma osiyana tanthauzo. Mtengo wa mango ndi mtengo wa sopo, khungu la pathupi ndi khungu la maso. Polankhula timawasiyanitsa ndi kakwezedwe ka mawu, koma papepala kakwezedweko sikalembedwa. Chomwe chimamuthandiza mwana ndi chiganizo chonse, ndipo ayenera kuphunzitsidwa kufunsa kuti, "Apa akukamba za chiyani?"

Mawu atsopano salowa m'mutu powalemba pabolodi ndi matanthauzo ake n'kuuza ana akopere. Amalowa mwana akawamva m'nkhani, akawaona, akawagwiritsa ntchito kangapo m'masiku osiyana. Nthano za agogo, zilapi, miyambi, ngakhale kucheza pophika, zonsezi ndi kalasi ya mawu. Pakhomo pomwe aliyense ali chete maso pafoni, mwana amamva mawu ochepa, ndipo ochepa omwewo ndi olamula: khala pansi, usasokose, tenga icho.

Tisaiwalenso kuti si mwana aliyense amafika ku Sitandade 1 ndi Chichewa pakamwa. Ku Mangochi ndi ku Machinga ambiri amayamba ndi Chiyao, ku Rumphi ndi ku Mzimba Chitumbuka, ku Nkhata Bay Chitonga, ku Nsanje Chisena. Kwa ana amenewa kuphatikiza maliwu kukhoza kutheka pomwe tanthauzo palibe. Mphunzitsi wanzeru amayambira pa zomwe mwana akudziwa, ndipo mapeto a mawu amathandizanso pamenepa chifukwa zilankhulo zathu ndi zapachibale. Mwana amene kwawo amati "kuguliska" sachedwa kuona kuti "kugulitsa" ndi msuweni wake, bola wina amuonetse.

Powolokera ku Chingerezi

Makolo ambiri amati, "Chichewa amachidziwa kale, ine ndikufuna mwana wanga adziwe Chingerezi." Nkhawa yawo ndi yomveka. Lamulo la maphunziro la 2013 limaika Chingerezi kukhala chilankhulo chophunzitsira, ndipo pofika Sitandade 5 mabuku a maphunziro ena onse ali m'Chingerezi. Mayeso a PSLCE omwe MANEB imalembetsa ku Sitandade 8 ali m'Chingerezi kupatula pepala la Chichewa. Mwana wosamva Chingerezi amalephera ngakhale sayansi yomwe akuidziwa.

Koma luso loona muzu ndi mapeto silikhala la chilankhulo chimodzi. Mwana amene anazolowera kuphwanya "lembetsera" sachita mantha ndi play, plays, played, playing ndi player. Amafunafuna muzu, n'kufunsa kuti chowonjezedwacho chikugwira ntchito yanji. Akaona teach ndi teacher amakumbukira phunzitsa ndi mphunzitsi. Chongofunika kumuuza n'chakuti Chingerezi chimaika kumapeto zina zomwe ife timaika koyambirira. Ife timachulukitsa ndi ma- kapena zi- kutsogolo, iwo ndi -s kumapeto. Ife timasonyeza zakale ndi -na- mkati, iwo ndi -ed kumapeto.

Pali malo awiri pomwe Chichewa chimamukoka mwana chammbuyo, ndipo mphunzitsi ayenera kuwadziwa. Oyamba ndi akuti lilime lathu silinazolowere kuthera mawu pa chilembo chopanda liwu. N'chifukwa chake tinapanga buku, sukulu ndi tebulo. Ndiye mwana akamva walked, kaliwu komaliza kaja sakamva, polemba n'kukasiya. Achiwiri ndi l ndi r omwe aja. Kwathu ndi liwu limodzi, ku Chingerezi ndi awiri: play ndi pray, light ndi right, glass ndi grass. Timaseka anthu pa Facebook akasokoneza mawu amenewa, koma si umbuli. Ndi khutu lomwe silinaphunzitsidwe kusiyanitsa, ndipo nthawi yabwino yoliphunzitsa ndi mwana akadali wamng'ono. Paja amati m'mera mpoyamba.

Chingerezi nachonso chili ndi madongosolo ake. Make amataya e kukhala making, hop amabwereza p kukhala hopping, pomwe hope amakhala hoping. Kupatsa ana mawu 20 osagwirizana kuti aloweze pofika Lachisanu n'kuwatopetsa chabe. Mawu 6 a banja limodzi amaphunzitsa zambiri.

Anakhazikitsa kalembedwe ndani?

Wina anena kuti, "Aise, chilankhulo chimasintha, bola kumvana." Zoona, chimasintha, ndipo kalembedwe kathu kasinthapo kale. Tengani Buku Lopatulika lakale la agogo, lija linatuluka koyamba mu 1922, muone dzina la buku lomaliza. Analemba "Cibvumbulutso". Lero timalemba "Chivumbulutso": c anapeza mnzake h, ndipo bv anasanduka v. Anzathu a ku Zambia mpaka pano amalemba "Cinyanja".

Kusinthaku sikunangochitika mwangozi. Mu 1968 msonkhano waukulu wa chipani cha MCP unasankha Chinyanja kukhala chilankhulo cha fuko n'kuchitcha Chichewa. Mu 1972 kunakhazikitsidwa Chichewa Board, yomwe inatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973 n'kuwakonzanso mu 1980 ndi 1990. Mu 1996 ntchitoyi inapita ku Centre for Language Studies ya University of Malawi ku Zomba, komwe kunachokera Mtanthauziramawu wa Chinyanja, buku lomasulira mawu a Chichewa m'Chichewa chomwecho.

Ndiye malamulo alipo, ndipo anapangidwa ndi anthu, akhoza kukonzedwanso. Koma pa nthawi iliyonse pamafunika kalembedwe kamodzi komwe wolemba buku, mphunzitsi ndi wochonga mayeso akugwirizana. Munthu wamkulu wodziwa kale kuwerenga akaona "nkani" amadzaza yekha chosowacho. Mwana wongoyamba alibe chodzazira. Akaona "nkhani" m'buku, "nkani" pafoni ya achimwene ake ndi "khani" pa chikwangwani cha pamsika, amaganiza kuti kalembedwe n'kongoponya mwamwayi. Ufulu wofupikitsa mawu ndi wa amene akudziwa mawu athunthu.

Mphunzitsi mmodzi, makope 100

N'zosavuta kuloza chala aphunzitsi, koma tiyeni tione pomwe aima. Maphunziro a pulayimale atakhala aulere mu 1994, ana olembetsa anakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni m'kanthawi kochepa, ndipo kuyambira pamenepo makalasi ndi aphunzitsi akhala akuthamangira chiwerengero chomwe chili patsogolo pawo. Boma limafuna mphunzitsi mmodzi pa ana 60, koma m'makalasi aang'ono a sukulu zambiri kupeza ana opitirira 100 si zachilendo.

Werengerani nokha. Lembetso la mawu 10 kwa ana 100 ndi mawu 1,000 oti munthu mmodzi achonge. Ngakhale atachonga onse, nthawi yokhala pansi ndi mwana mmodzi kumuonetsa chifukwa chomwe walakwira ayipeza kuti? Mwana amangolandira kope lofiira, osadziwa kuti zolakwa zake 7 zinali cholakwa chimodzi chobwerezedwa ka 7.

Apa ndi pomwe kuphunzitsa mwa dongosolo kumapepukitsa ntchito. Sabata ino tonse tili pa -ira ndi -era. Mawu alembedwa pa zidutswa za katoni, ana m'magulu akuwagawa milu iwiri, akukangana, akufotokozerana. Lembetso likabwera, ana akhoza kusinthana makope n'kuchongerana chifukwa lamulo lili pabolodi. Mphunzitsi akuyang'ana chinthu chimodzi, ndipo akudziwa msanga amene sanamve. Sizifuna magetsi, sizifuna ndalama za polojekiti. Zimafuna kuti mphunzitsiyo anaonetsedwa madongosolo amenewa ku TTC, ndi kuti alangizi a zamaphunziro m'mazoni aziwakumbutsa pa misonkhano ya ku TDC.

Nkhani ya ndalama nayo ilipo. Boma la America linatseka USAID mu 2025, bungwe lomwe linathandiza kwambiri pa ndondomeko yowerenga ija. Mabuku a ana aang'ono sakhalitsa, amang'ambika, amanyowa, amasowa, ndipo wina ayenera kulipira kuti asindikizidwenso. Kuyambira 2023 boma likufalitsa matabuleti m'sukulu za pulayimale kudzera m'ndondomeko ya BEFIT, momwe ana amaphunzira kuwerenga ndi masamu m'Chichewa. N'zothandiza, chifukwa tabuleti imamuyankha mwana aliyense payekha. Koma nthawi ya mwana pa tabuleti ndi yochepa poyerekeza ndi tsiku lonse, ndipo dzanja liyenerabe kugwira pensulo. Aphungu athu akamakambirana bajeti ya maphunziro, funso la mabuku a Sitandade 1 mpaka 4 ndi lofunika kuwafunsa, osangoti midadada ingati yamangidwa.

Mbali yanu, inu muli ndi foni m'manja

Ambiri amene mukuwerenga nkhaniyi si aphunzitsi, ndipo mwina mulibe mwana wanuwanu. Koma pakhomo pali kamwana komwe kamakusirirani, kamene kamafuna kugwira foni yanu nthawi zonse. Mphindi 10 patsiku zikukwana.

Mupatseni mneni mmodzi, monga "gula", mupikisane kuti apeza mawu ambiri ndani kuchokera pamenepo. Tsiku lina chitani za kapepala pamlomo. Tsiku lina mutchulireni chinthu chimodzi, iye anene zambiri, kenako alembe pansi ndi kamtengo. Mukamatumiza uthenga kwa amayi kapena kwa amalume, muuzeni alembe ndi iyeyo, mawu athunthu, kenako awerenge mokweza asanatumize. Foni ikamasintha mawu ake kuwapititsa ku Chingerezi, zimitsani autocorrect. Akalakwa musathamangire kumuuza yankho, mufunseni kuti, "Tanena pang'onopang'ono, ukumva chiyani?" Ndipo musamuseke. Mwana wosekedwa amasiya kuyesa.

Tsegulaninso kope lake, osangoona kuti wapeza zingati. Onani zomwe zathethedwa ngati zikufanana. Mukapeza kuti paliponse akusiya h, kapena akusokoneza -etsa ndi -itsa, mwapeza phunziro la sabata yonse, ndipo mukhoza kukawauza aphunzitsi ake mwaulemu. Ambiri amayamikira kholo kapena mchimwene wobwera ndi funso lenileni.

Pomaliza, muzimuwerengera. Kaya ndi buku la kusukulu, kaya nkhani ya patsamba ngati lino, kaya kapepala ka kuchipatala. Mukafika pa mawu achilendo imani, mufunse ngati akuwadziwa, mufotokoze, mawa mudzawagwiritsenso ntchito pocheza. Mwana amene wafika Sitandade 4 akuwerenga momasuka amayamba kudziphunzitsa yekha china chilichonse. Amene wafika asakutha amangokwezedwa kalasi ndi kalasi mpaka tsiku lomwe adzatope n'kukhala pakhomo. Kusiyana kwa awiriwa nthawi zina kumayambira pa munthu mmodzi amene anakhala naye pakhonde n'kumuonetsa kuti khasu likachuluka h amapita kuti.